Katundu wa Liwu Lakuti "Nthawi": Kuunika Mawu Otcherera Mauthenga pa Makina Opanda Waya

1. Mawu Oyamba

Chiyambire chaka cha 1968, pamene Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, mphamvu zambiri za akatswiri a chiyankhulo zakhala zikupita ku kalembedwe. Bungwe la Chichewa Board, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 ndipo lidawaunikanso mu 1980 ndi mu 1990. Mawu a zaumisiri sadalandire chisamaliro chofanana nacho, kotero kuti womasulira akakumana ndi buku la malangizo a makina amatsala yekha ndi mtanthauziramawu. Akatero amatsata imodzi mwa njira ziwiri: kumasulira liwu ndi liwu, kapena kungobwereka mawu onse achilendo.

Nkhani ino ikuunika zipatso za njira ziwirizi pa ntchito imodzi yokha, ntchito yotchera chida chotchedwa "gateway" kuti chizitumiza mauthenga pa nthawi zoikika m'fakitale, pamalo opopera madzi, kapena m'munda wothirira. Womasulira liwu ndi liwu angathe kulemba chiganizo chonga ichi: "Konzani nthawi ya chipata cha wailesi kuti chizitumiza uthenga pa nthawi yake." Chiganizochi chilibe cholakwa pa malamulo a chiyankhulo. Koma mmisiri amene wachiwerenga sangadziwe choti achite, ndipo woyang'anira pampu amene wachimva angaganize za geti la nyumba youlutsira mawu. Funso ndi lakuti: vuto lagona pati, ndipo ndi mawu ati amene angasenze ntchitoyi?

2. Chinthu Chimene Chikufuna Dzina

Eugen Wüster, katswiri wa ku Austria amene adayala maziko a maphunziro a mawu a luso, adaphunzitsa kuti wopanga mawu aziyamba wamvetsa ganizo, dzina lizibwera pambuyo. Choncho nkoyenera kuyamba ndi makinawo.

Chitsanzo chabwino ndi dongosolo la WirelessHART, limene lidatuluka mu 2007 ndipo lidavomerezedwa kukhala muyezo wa maiko onse, IEC 62591, mu 2010. M'dongosololi, zida zoyezera kutentha, kuchuluka kwa madzi m'thanki kapena mphamvu ya nthunzi m'paipi zimamangiriridwa pamalo osiyanasiyana m'fakitale. Zambiri zimayendera batire. Zimatumiza miyeso yake kudzera m'mafunde a 2.4 GHz, ndipo chida chimene chili kutali chimapatsira uthenga wake kwa chinzake chapafupi, mpaka uthengawo utafika pa "gateway". Apa uthenga umasandulizidwa kuchoka m'chiyankhulo cha zida zopanda waya kupita m'chiyankhulo chimene kompyuta yoyendetsa fakitale imamva, monga Modbus, chimene kampani ya Modicon idachiyambitsa mu 1979.

Zida zikanamayankhula zonse pakamodzi, mauthenga akanamawombana. Nchifukwa chake sekondi iliyonse imagawidwa m'zigawo 100, chigawo chilichonse cha mamilisekondi 10, ndipo chida chimapatsidwa chigawo chakechake choyankhulira, pa imodzi mwa matchanelo 15. Munthu sagawa yekha zigawozi. Iye amangonena kuti chida chakuti chizitumiza muyeso pakatha masekondi angati, ndipo pulogalamu yoyang'anira netiweki ndiyo imawerengera kagawidwe kake.

Palinso mtundu wina wa makinawa, umene umakhala ndi khadi la foni m'kati mwake ndipo umatumiza SMS kwa munthu pa ola loikika, mwachitsanzo lipoti la madzi tsiku lililonse 6 koloko m'mawa. Mtundu umenewu ndiwo umakhudza kwambiri owerenga Chichewa, pakuti wolandira uthengawo kawirikawiri si mmisiri, koma mlonda, woyatsa pampu kapena wapampando wa komiti ya madzi.

3. "Chipata cha Wailesi"

Liwu lakuti "chipata" limabwera msanga chifukwa mtanthauziramawu amalipereka. Ubwino wake ndi wakuti ndi lalifupi, ndi lodziwika, ndipo lili m'gulu la Chi-Zi- limene limayenerana ndi zipangizo. Kuipa kwake ndi kwakuti chipata sichichita kanthu. Mbuzi ikalowa pachipata imatuluka ili mbuzi yomweyo. Chida chimene chikukambidwa pano chimalandira mawu a mbali imodzi, nkuwasanduliza, nkuwasunga mpaka mbali inayo itawafuna. Ntchito imeneyi Achewa amaidziwa bwino: ndi ntchito ya nkhoswe pakati pa mabanja awiri, ndiponso ya mkhalapakati pa mkangano.

Liwu lakuti "mkhalapakati" likufotokoza ganizo lonse, koma lili ndi vuto la agwirizanitsi. Popeza lili m'gulu la Mu-A-, chiganizo chakuti "mkhalapakati wasiya kuyankha" chingachititse womva kufunafuna munthu. Njira yabwino ndiyo kutchula "chida chamkhalapakati" poyamba m'chikalata chilichonse, kenaka nkumafupikitsa. Chiyankhulo chidavomera kale "mtanthauziramawu", dzina la chinthu chopanda moyo lokhala ndi maonekedwe a dzina la munthu, ndipo palibe amene amasokonezeka nalo.

Liwu lakuti "wailesi" ndilo silingagwire ntchito mpang'ono pomwe. Lidabwerekedwa kalekale kuchokera ku liwu lomwelo la Chingerezi limene likufuna kumasuliridwa lero, koma litafika kuno lidakhazikika pa kabokosi komverera nkhani ndi nyimbo, ndi pa nyumba youlutsira mawu. Liwu lobwereka likamera mizu silibwereranso kwawo. Chimodzimodzi "lamya", limene lidachokera ku liwu la Chipwitikizi lotanthauza waya, lero limanena foni ngakhale ya m'manja imene ilibe waya. Choncho mawu oyenera ndi "chopanda waya", ndipo dzina lathunthu ndi "chida chamkhalapakati chopanda waya".

4. "Kukonza" ndi "Kutchera"

Mneni "kukonza" ndi wotchuka kwa omasulira chifukwa amalowa paliponse. Munthu amakonza njinga yothyoka, amakonza chakudya, amakonza msonkhano. Kufalikira kumeneku ndiko kumamulepheretsa ntchito ya umisiri. Mmisiri akauzidwa kuti akonze chida, amayamba wafunsa chimene chawonongeka. Pamene cholinga chili kuika manambala m'chida chabwinobwino, mneni ameneyu amasocheretsa.

Chichewa chili kale ndi mneni woyenera. Mlenje amatchera msampha nkuchokapo, ndipo msamphawo umafwamphuka wokha nthawi yake ikakwana. Wapaulendo amatchera wotchi kuti imudzutse. Womvera amatchera wailesi pa siteshoni imene akufuna. M'zitsanzo zonsezi muli ganizo limodzi: munthu amakonzeratu chinthu kuti chidzachite chokha iye palibe. Mneniyu alinso ndi ubwino wakuti amabereka mawu ena mosavuta: "katcheredwe" ka chida, "zotchera" zimene zimaoneka pa sikirini, "wotchera", ndi "kutcherera" munthu uthenga. Liwu la luso limene silibereka limakakamiza wolemba kuzungulira ndi ziganizo zazitali.

5. Katundu wa "Nthawi"

Vuto lalikulu lagona pa liwu lakuti "nthawi". M'buku la malangizo a makinawa muli maganizo osachepera asanu ndi limodzi amene womasulira wofulumira amawasenzetsa liwu limodzili. Aliyense akufunika dzina lake.

Loyamba ndi ola la pa wotchi, monga 06:00. Apa "ola" ndi "nthawi ya pa wotchi" akukwanira.

Lachiwiri ndi kutalikirana kwa uthenga umodzi ndi wotsatira. Liwu loyenera ndi "mpata", monga mpata wa pakati pa mizere m'munda. Ganizoli ndi losiyana kotheratu ndi loyamba lija, ndipo kulakwitsa kwake kumawononga ndalama. Chida chotumiza pa mpata wa masekondi 8 chimatumiza mauthenga 10,800 pa tsiku. Cha mpata wa masekondi 32 chimatumiza 2,700. Cha mpata wa mphindi imodzi chimatumiza 1,440. Uthenga uliwonse umadya mphamvu ya batire, motero mpata ukafupika batire imatha msanga. Kumasulira kwa mawu onena za kuchuluka kwa maulendo kumafunanso kusamala. "Kanayi pa ola" ndi mauthenga 96 pa tsiku, pamene "pakatha maola anayi alionse" ndi mauthenga 6 okha. Mawu osamveka bwino monga "pa nthawi zinayi" sayenera kupezeka m'malangizo.

Lachitatu ndi kagawo kaja ka mamilisekondi 10 kamene chida chimapatsidwa kuti chiyankhule. Ena angafune kukatchulanso "mpata", koma kutero nkubweza chisokonezo chomwe chija. Liwu lakuti "danga" likuyenera, pakuti munthu akapeza danga ndiye kuti wapeza malo ndi mwayi wochitira chinthu.

Lachinayi ndi mndandanda wa madanga umene umabwerezedwa mosalekeza, umene Chingerezi chimautcha "superframe". Kubwereka liwu limeneli sikungathandize aliyense, chifukwa ngakhale wodziwa Chingerezi salimva popanda kufotokozeredwa. Ganizo lake ndi lofanana ndi la chipereganyu: aliyense ali ndi tsiku lake lolandira, ndipo womaliza akalandira amayambiranso woyamba. Liwu lakuti "mkombero", limene limanena chinthu chozungulira m'mphepete mwa lichero chimene mapeto ake amakumana ndi chiyambi, lingathe kusenza ganizoli: "mkombero wa madanga".

Lachisanu ndi malire amene chida sichiloledwa kupitirira chili chete. WirelessHART imalola kuti chida chizitumiza pokhapokha muyeso ukasintha, ukakwera kapena ukatsika kudutsa mlingo woikika. Koma chida chimene chakhala chete kwa maola ambiri sichidziwika ngati chili bwino kapena chafa. Nchifukwa chake lamulo nambala 103 la HART limatchera manambala awiri: mpata wa masiku onse, ndi mpata wautali koposa umene ukakwana chida chimayenera kuyankhula ngakhale palibe chasintha. Womasulira amene watchula onsewo "nthawi yotumizira" wafafaniza chitetezo chonsecho. Mawu akuti "malire a kukhala chete" akunena ganizoli momveka kwa munthu aliyense.

Lachisanu ndi chimodzi ndi tsiku ndi ola zimene zimalembedwa pa uthenga posonyeza pamene muyeso udatengedwa. "Chidindo cha nthawi" ndi kumasulira kwa liwu ndi liwu kumene kwayenda bwino, chifukwa aliyense amene adatumizapo kalata ku positi amachidziwa. Izi zikusonyeza kuti njira yomasulira liwu ndi liwu si yoipa nthawi zonse. Imaipa pamene womasulira sanayese zotsatira zake pa ganizo.

Pa mayina a zigawo za nthawi, "mphindi" idakhazikika kale kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 60 a ola, ngakhale kuti m'kuyankhula kwa masiku onse imanenanso kanthawi kochepa kosayezedwa. Chosayenera ndicho kugwiritsa ntchito "kamphindi" kapena "timphindi" ponena sekondi. Kachepetsedwe ka dzina sikapereka muyeso. Apa kubwereka ndiko kwanzeru: sekondi, masekondi, milisekondi.

6. "Kuphulika"

Pali malo amodzi pamene kumasulira liwu ndi liwu kungabweretse ngozi yeniyeni. M'dongosolo la HART, chida chikamatumiza miyeso chokha osadikira kufunsidwa chimanenedwa kuti chili mu "burst mode". Mtanthauziramawu amapereka "kuphulika". M'fakitale momwe muli mapaipi a nthunzi, lamulo lakuti "yatsani kuphulika" kapena lipoti lakuti "chida chachitatu chikuphulika" silofunika kulifotokoza zotsatira zake.

Ganizo lenileni likusiyanitsa njira ziwiri. M'njira yoyamba, imene Modbus imatsata, kompyuta imafunsa zida chimodzichimodzi monga mphunzitsi woitana mayina m'kalasi, ndipo chida chimayankha pokhapokha chikafunsidwa. Imeneyi ndi "njira yofunsa". M'njira yachiwiri chida chimayankhula chokha danga lake likafika. Imeneyi ndi "njira yodzinenera". Palibe chimene chataika pa tanthauzo.

Womasulira ayeneranso kudziwa kuti mawu a Chingereziwo nawonso amasintha. Mu 2020 bungwe loyang'anira Modbus lidasiya mawu akale otchula chida chofunsa ndi chida choyankha ngati mbuye ndi kapolo. Palibe chifukwa choti Chichewa chitole mawu amene eni ake adawataya, pamene "chofunsa" ndi "choyankha" alipo.

7. Masiku a Sabata ndi Maola

Makina ena otumiza SMS pa ola loikika amatsata kalembedwe ka pulogalamu ya cron, imene idayamba ndi makompyuta a Unix m'zaka za m'ma 1970. Mzere wake uli ndi malo asanu: mphindi, ola, tsiku la mwezi, mwezi, ndi tsiku la sabata. Mzere wakuti 0 6 * * 2 ukutanthauza 6 koloko m'mawa Lachiwiri lililonse. Apa Chichewa chili ndi mwayi, pakuti mayina a masiku ake amawerenga okha: 2 ndi Lachiwiri, 3 ndi Lachitatu, 5 ndi Lachisanu. Muyezo wa ISO 8601, umene udatuluka koyamba mu 1988, nawonso umayamba ndi Lolemba ngati tsiku loyamba.

Mwayi womwewu ndi msamphanso. Mapulogalamu ena, monga Quartz, amayamba kuwerenga ndi Lamulungu ngati 1, kotero kuti 2 amakhala Lolemba. Woyankhula Chichewa akaona 2 sakayika konse, chifukwa chiyankhulo chake chamuuza kale yankho. Malangizo a Chichewa ayenera kulemba dzina la tsiku pambali pa nambala iliyonse. Ayeneranso kupewa liwu lakuti "Lasabata" kapena "tsiku la Sabata", popeza kwa ena ndi Lamulungu pamene kwa a mpingo wa Seventh-day Adventist ndi Loweruka.

Maola azilembedwa m'kawerengedwe ka maola 24. Mawu akuti "12 koloko usiku wa Lachisanu" amasiya funso lakuti kodi ndi poyambira kapena pothera pa tsikulo, pamene makina amadziwa 00:00 ngati chiyambi cha tsiku latsopano. Chinanso, zida zambiri zimafananitsa mawotchi ake ndi makompyuta akutali kudzera mu NTP, njira imene David Mills adaifotokoza mu 1985, ndipo NTP imayendera nthawi ya UTC. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri chaka chonse. Wotchera akaiwala kusankha dera, uthenga wa 06:00 umafika 8 koloko. Zida zopangidwira misika ya ku Ulaya ndi ku America zimakhalanso ndi chotchera chosunthira wotchi ola limodzi m'nyengo yotentha. Maiko anayiwa satero, choncho ntchito ya womasulira si kusaka dzina lokongola la chotcheracho, koma kulemba momveka kuti chikhale chozimitsa.

8. Kumene Kalembedwe Kakumana ndi Makina

Mfundo yomaliza ikukhudza kalembedwe kenikeni. SMS imodzi imanyamula malembo 160 ngati onse ali m'gulu la malembo a GSM. Mukangolowa lembo limodzi losapezeka m'gululo, uthenga wonse umasinthira ku kalembedwe ka UCS-2, kamene kamanyamula malembo 70 okha, kapena 67 pa chigawo chilichonse ngati uthengawo wadulidwa m'zigawo.

Chichewa chili ndi zizindikiro ziwiri zimene zimagwa mumsamphawu. Choyamba ndi lembo la ŵ, limene ena amalilemba m'dzina la Malaŵi. M'gulu la GSM mulibe. Chachiwiri ndi nkhodolero, chizindikiro chija chili m'mawu akuti "m'mawa" ndi "pang'ono". Nkhodolero yowongoka ilimo m'gulu la GSM, koma yopindika, imene mapulogalamu olembera makalata amaiika okha, mulibe. Uthenga wa malembo 150 umene ukanapita kamodzi umapita m'zigawo zitatu chifukwa cha nkhodolero imodzi yopindika. Ngati chida chimatumiza kanayi pa tsiku, pa masiku 30 malipiro amakhala a mauthenga 360 m'malo mwa 120.

Wotchera wosadziwa chifukwa chake amathamangira kuchotsa nkhodolero zonse, ndipo kutero nkuphwanya malamulo a kalembedwe. "Ng'oma" yoimba imasanduka "ngoma" nyama ya m'tchire. Wofuna kufupikitsa akapitirira nkudula "m'mawa" kukhala "mawa", lamulo lakuti pampu iyatsidwe m'mawa limasanduka lamulo lakuti iyatsidwe tsiku lotsatira, ndipo mudzi umagona wopanda madzi. Yankho lake ndi laling'ono: nkhodolero isachotsedwe, koma ilembedwe yowongoka, ndipo uthenga ulembedwe m'chida mwachindunji, osati kukopedwa kuchokera m'chikalata. Malamulo a kalembedwe sadasiyanitse mitundu iwiri ya nkhodolero chifukwa pa pepala ndi chinthu chimodzi. Pa makina ndi zinthu ziwiri, ndipo malangizo a kalembedwe ayenera kunenapo.

9. Zimene Otsutsa Anganene

Ena anganene kuti ntchito yonseyi ndi yachabe, popeza amisiri amaphunzira m'Chingerezi ndipo sikirini ya chida idzakhalabe m'Chingerezi. Mfundoyi ili ndi choona chake. Zidule monga SMS, NTP ndi UTC, pamodzi ndi mayina monga Modbus, ziyenera kukhala momwe zilili, ndipo pophunzitsa liwu la Chichewa liziperekedwa limodzi ndi limene likuoneka pa sikirini. Koma mmisiri amabwera tsiku limodzi nkupita. Wotsala ndi makinawo ndi munthu amene adzalandire uthenga pakati pa usiku, nkuyenera kusankha ngati ndi lipoti wamba, chenjezo, kapena lamulo. Ngati zonse zitatuzi zidatchedwa "uthenga", ndipo maganizo asanu ndi limodzi aja adatchedwa "nthawi", munthuyo wasiyidwa pa mphambano yopanda chikwangwani.

Enanso anganene kuti mawu monga "danga" ndi "mkombero" ali ndi matanthauzo ena kale. Izi nzoona, koma ndi momwe mawu a luso amabadwira m'chiyankhulo chilichonse: liwu lakale limapatsidwa malire atsopano m'ntchito imodzi. Chofunika ndi chakuti m'kati mwa ntchitoyo liwu limodzi liimire ganizo limodzi.

10. Mawu Omaliza

Mawu amene aperekedwa pano, monga chida chamkhalapakati, kutchera, mpata, danga, mkombero wa madanga, malire a kukhala chete, ndi njira yodzinenera, ndi oti ayesedwe. Malo oyesera si ofesi ya akatswiri a chiyankhulo ayi, koma pamene pali makinawo. Woyang'anira pampu apatsidwe malangizo olembedwa ndi mawuwa, kenaka afunsidwe kuti afotokoze chimene chida chidzachite ndi ola limene chidzachitire. Liwu limene wayankha nalo molondola lisungidwe. Limene lamusocheretsa lichotsedwe, ngakhale likhale lokoma motani m'khutu. Walira mvula walira matope: ofuna kuti Chichewa chilowe m'fakitale avomere kupita kufakitaleko, akaphunzire makina asanawapatse mayina.